John Moir, Mwini Dzina la Mandala (1851–1940)

Akulu ambiri a m'midzi mwathu akumbukira masitolo a Mandala, kumene makolo athu anali kugula nsalu, mcere, makasu ndi mikanda. Masitolo amenewa anawanda m'Nyasaland monse, nafikanso ku Fort Jameson, kumene lero ticha Chipata, ndi ku Abercorn, ndiko ku Mbala. Koma ali owerengeka amene adziwa kuti Mandala linayamba ngati dzina la munthu. Munthuyo ndiye John Moir. Iye anali kubvala magalasi a m'maso, ndipo anthu a ku Blantyre poona kunyezimira kwace anamucha Mandala. Dzinalo linacoka pa munthu nilipita pa nyumba yace, kenaka pa malonda ace onse. Mbiri yace iyenera kumvedwa ndi yense wogwira malonda, kaya ali ndi cigayo kumudzi, kaya kantemba ku Chunga kapena ku Matero m'mzinda wa Lusaka.

John Moir anabadwa ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, caka ca 1851, ndipo mng'ono wace Frederick anabadwa caka cotsatira. Atate wao anali dotolo. Anyamatawa ali acinyamata, mbiri inafika kwao yakuti David Livingstone wamwalira kwa mfumu Chitambo, m'dziko lathu lino, caka ca 1873. Livingstone anali ataphunzitsa kuti malonda a akapolo sadzatha ndi ulaliki wokha. Mafumu anali kufuna nsalu ndi zina zotere, ndipo anali kuzipeza pogulitsa anthu ndi minyanga ya njobvu. Tsono kunafunika amalonda oopa Mulungu amene akanabweretsa katundu yemweyo popanda kugula munthu.

Amisyoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear caka ca 1875, ndipo a Blantyre anakhazikika caka ca 1876. Iwowa anabvutika kwambiri ndi katenge ka katundu wao kucokera kunyanja yamcere. Cifukwa cace, m'caka ca 1878, Akristu ena acuma a ku Glasgow, mmodzi wa iwo James Stevenson, anapangana kuyambitsa kampani yochedwa Livingstonia Central Africa Company, imene pambuyo pace inadziwika ndi dzina la African Lakes Company. Anasankha John ndi Frederick Moir, amene anali atagwirako kale nchito yolambula mseu kufupi ndi Dar es Salaam, kuti akhale oyang'anira ace.

Njira ya katundu inali yaitali ndi yowawa. Katundu anali kutsikira ku Quelimane, nakwera mabwato kufikira ku Zambezi. Kumeneko sitima yaing'ono yochedwa Lady Nyassa inali kumtenga nikwera naye mtsinje wa Shire kufikira kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Kumtunda kwa pamenepo kuli mathithi oletsa sitima, kotero amtengatenga anali kusenza mitolo pamutu kukwera mapiri kunka ku Blantyre, ndi kutsikanso nayo ku Matope. Pamenepo ndipo katundu anali kulowanso m'sitima yonka kunyanja. Caka ca 1882 abalewa anamanga ku Blantyre nyumba yosanja ya Mandala, imene iriko kufikira lero.

Pa cinthu cimodzi maso a John Moir anaona bwino kucokera paciyambi: anadziwa cimene malonda ace anadzera, nadziwanso cimene sadzagulitsa. Kampani inakana kugulitsa mowa waukali wa Azungu kwa anthu a dziko, ngakhale kuti m'maiko ena a Afrika amalonda analemera nao mowa umenewo. Inalembanso anthu nchito yolandira malipiro. Atonga ambiri a ku Bandawe anadza kudzagwira nchito kwa Mandala, nabwerera kwao ndi nsalu zimene anazipeza ndi thukuta lao, osagulitsa mbale wao. Cimeneci cinali cinthu catsopano m'masiku amenewo.

Koma panali zina zimene magalasi ace sanazione msanga. Coyamba cinali gwero la phindu. Popeza ulendo unali wautali cotere, mbeu za m'munda sizinathe kubweza ndalama zolipira amtengatenga ndi sitima. Cinthu cokha copindulitsa kwenikweni cinali minyanga ya njobvu. Ndipo minyanga yambiri inali m'manja mwa amalonda Aciswahili, omwe aja anali kugwiranso akapolo. Caka ca 1884 kampani inatsegula sitolo ku Karonga niyamba kugula minyanga kwa iwo. Potero kampani imene inadzera kuthetsa ukapolo inali kunenepetsa eni ukapolowo. Mmodzi wa iwo, Mlozi, anamanga malinga kufupi ndi Karonga, ndipo caka ca 1887 anthu ace anathira nkhondo Ankhonde, natentha midzi, napha anthu ambiri. Opulumuka anathawira kwa Monteith Fotheringham, woyang'anira sitolo ya Mandala. Kampani sinawataye, ndipo pa ici tiyenera kuilemekeza. Inalowa m'nkhondo imene inafika caka ca 1889. Abale onse awiri anabvulala ndi zipolopolo m'nkhondoyo, ndipo mkono wa Frederick unaonongeka kwambiri. Mlozi sanagonjetsedwe kufikira caka ca 1895, pamene asilikali a boma analanda linga lace.

Caciwiri cinali kucuruka kwa mitolo. Cuma ca kampani cinali cocepa, koma nchito zimene oyang'anira anazisenza zinali zambiri. Anali kuyendetsa sitima, kusunga masitolo, kusaka minyanga, ndi kutenga katundu pa mseu wa Stevenson wocokera ku Karonga kunka kunyanja ya Tanganyika. Caka ca 1885 John Moir anayendanso kwa mafumu ambiri kuwalembetsa mapangano, poyembekeza kuti kampani idzapatsidwa mphamvu yolamulira dziko. Kaya mafumuwo anamvetsa zolembedwazo, pali cikaiko cacikuru, ndipo malo aakuru a kumpoto amene kampani inati ndi ace anasanduka cidandaulo ca zaka zambiri. M'mene oyang'anira anali otanganidwa ndi zonsezi, nchito yeniyeni imene anaidzera inatsalira m'mbuyo. Katundu wa amisyoni anali kucedwa m'njira miyezi yambiri, ndipo abwenzi ao omwe anayamba kudandaula. Makolo anati ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada. Nkhondo ya ku Karonga itatha, thumba linali litauma. Kampani inatsamira pa ndalama za Cecil Rhodes ndi British South Africa Company, ndipo pofika 1894 inali itapangidwanso ndi dzina la African Lakes Corporation.

John Moir anacoka pa uyang'aniro, nakhala mlimi pa munda wa Lauderdale patsinde pa phiri la Mulanje, umodzi wa minda yoyamba kumene tiyi anabzalidwa m'dziko limenelo. Pambuyo pace anabwerera kwao ku Edinburgh. Kumeneko munthu uja anayendetsa sitima ndi kumenya nkhondo anayamba kuweta njuci, nchito yosafuna phuma, yofuna maso ndi kudekha. Anathandiza kukhazikitsa bungwe la oweta njuci a ku Scotland, nasonkhanitsa mabuku ambiri onena za njuci, nawapereka kwa bungwelo. Nyumba ya mabuku amenewa ichedwa ndi dzina lace. Frederick anamwalira caka ca 1939, ndipo John anamtsata caka ca 1940.

Sitikamba izi kuti ticepse munthu amene anasiya kwao, nakhetsa mwazi wace pocinjiriza anthu osauka. Mtima wace unali wabwino. Koma mtima wabwino pa wokha suyendetsa malonda. Ufunika maso oona patali, ndiponso nthawi yakukhala pansi ndi kulingalira. Ambuye wathu anaphunzitsa comweci pa Luka 14, pa fanizo la munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wawerenga ngati cuma cace cidzafika pa denga.

Cifukwa cace, abale, inu amene mugulitsa pamsika wa kwanu, ndi inu amene ana anu ali ndi tuntemba ku Chunga, ku George kapena ku Kanyama, dzifunseni mafunso atatu amene moyo wa Mandala utisiyira. Loyamba: kodi malonda angawa ndawayambiranji, ndipo ndi ciani cimene sindidzagulitsa ngakhale phindu lace likule? Munthu wosayankha funso ili asanatsegule citseko adzaliyankha molakwa tsiku limene ndalama zidzasowa. Laciwiri: kodi phindu langa licokera kuti? Katundu wobwera usiku pa mtengo wocepa ali ndi mwini wace amene alira kwina, ndipo ndalama ya kaloba ituruka m'mbale ya ana a mnzako. Lacitatu: kodi ndasenza mitolo ingati? Wogulitsa makala amene afuna kugulanso cigayo ndi galimoto ndi ndalama zokongola, asanadziwe ngati makalawo apindula, ayenda njira ya ku Karonga.

Mafunso otere sayankhidwa munthu ali ciimire pakati pa ogula. Pa Loweruka madzulo, mutatseka malonda, khalani pansi ndi kabuku. Lembani zimene munagula, zimene mwagulitsa, ndi maina a amene atenga pangongole. Patulani ndalama ya mpamba, isasakanizike ndi ya ndiwo. Fotokozerani akazi anu kapena amuna anu zonse, pakuti maso anai aona zimene maso awiri aphonya. Mukatero pempherani, ndi kufunsa Mulungu ngati pa sabata limenelo wina wapwetekedwa ndi phindu lanu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mulungu atipatse m'caka cino mtima woongoka pa malonda athu, pamodzi ndi maso oona kumene malondawo atitengera.