MBIRI YA DANIEL KACHAMBA, WOIMBA GITALA WA KU CHILEKA

Abale athu owerenga a m'midzi ya ku Balaka ndi ku Machinga, mwezi uno tifuna kukumbutsana za munthu mmodzi amene akulu ambiri pakati panu anamva mau ache pa wailesi, koma ana anu sadziwa mbiri yache. Munthuyo ndiye Daniel Kachamba, amene anamwalira m'chaka cha 1987. Sanabadwire kwathu kuno ai, koma nyimbo zimene anaimba zinafika ndi njira yomwe anayendamo makolo athu popita kukafuna nchito ku maiko a kumwera. Chifukwa chache mbiri yache iri yathunso.

Tiyambe ndi nyimbozo. M'zaka za 1950, m'makwalala a mzinda wa Johannesburg, umene anthu athu autcha Joni, munali anyamata osauka akuliza zitoliro zazing'ono zachitsulo, zogula ndi timakobidi towerengeka. Mnzao wina analiza gitala, ndipo anthu opita m'njira anaima, nabvina, naponya makobidi. Kaimbidwe aka kanatchedwa kwela. Wina wa iwo, dzina lache Spokes Mashiyane, anamveka kwambiri, ndipo nyimbo zache zinajambulidwa pa mbale za galamafoni. Amuna a ku Nyasaland amene anagwira nchito m'migodi ndi m'nyumba za Azungu anamva nyimbozi. Ndipo pobwerera kwao anatenga mbale, magalamafoni ndi magitala pamodzi ndi mabulangete ndi njinga. Ambiri a iwo anatsikira pa siteshoni ya sitima ya ku Balaka, nasenza akatundu ao kunka nao ku midzi. Chomwecho kwela analowa m'dziko lino.

Daniel anabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947, ndipo atate wache anali James Kachamba. Kwao kwenikweni kunali m'mudzi wa Singano, pafupi ndi Chileka, m'boma la Blantyre. M'chaka cha 1957 banja lao linasamukira ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare, monga anachitira mabanja ambiri a masiku aja pofuna nchito. Kumeneko mnyamatayo anamva kwela ndi nyimbo zina za m'mizinda, nazisunga mumtima. Pobwerera ku Nyasaland m'chaka cha 1961 anali atadziwa kale kugwira gitala; ndipo mng'ono wache Donald, akali kamwana, anaphunzira kuliza chitoliro.

Abale awiriwo anasonkhanitsa anyamata anzao, nayamba kuimba m'makwalala ndi m'misika ya ku Blantyre ndi ku Chileka. Zoimbira zao zinali za anthu osauka: gitala, chitoliro, maseche, ndi choimbira chachikulu cha chingwe chimodzi chomangidwa pa bokosi, chimene achitcha babatoni. Masiku aja mnyamata woyenda ndi gitala sanalemekezedwe. Ambiri anamuyesa waulesi wothawa khasu, woyenda m'mamowa. Koma Daniel sanaleke.

Luso lache linali lodabwitsa ndithu. Gitala ali ndi zingwe zisanu ndi chimodzi, koma iye anachotsapo chimodzi, naimba ndi zisanu. Chala chachikulu chinaliza zingwe za mau akulu, chala china chinaliza za mau ang'ono, kotero kuti munthu womva ali kuseri kwa nyumba anayesa kuti oimba ali awiri kapena atatu, pamene ali mmodzi yekha. Anaimba maimbidwe a mitundu mitundu: sinjonjo ndi lumba, amene anamveka kuchokera ku Congo ndi ku East Africa. Imodzi ya nyimbo zache zodziwika ichedwa Dolosina Lumba. Koma chachikulu ndi ichi: sanangotsanza alendo ai. Anapeka nyimbo zache m'chinenero chathu, zonena za ukwati, za imfa, za mabodza a anthu ndi za masautso a munthu wosauka. Ndipo mau a gitala wache anatsata kayankhulidwe ndi kabvinidwe ka kwathu.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'chaka cha 1967 munthu wa ku Austria, dzina lache Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo za mu Africa, anapeza anyamatawo akuimba ku Blantyre. Anazizwa, najambula nyimbo zao ndi zithunzi zoyenda, ndipo pambuyo pache analemba buku lonena za gulu la abale a Kachamba, limene linatuluka m'Chingerezi m'chaka cha 1974. M'chaka cha 1972 Daniel anaoloka nyanja, nakaimba ku Ulaya pamaso pa anthu ophunzira. Taonani, munthu uja anamuyesa chabe m'misika ya kwao anakhala mphunzitsi wa akatswiri a maiko akutali! Kuno kwathu wailesi ya MBC inaulutsa nyimbo zache, ndipo anthu anazolowera kumutcha Dokotala Daniel Kachamba.

Koma kutchuka sikunamtengere chuma chambiri. Anakhalabe munthu wa kumudzi, namwalira pa 25 July 1987, ali ndi zaka 40 zokha. Mng'ono wache Donald anapitiriza nchitoyo, nayenda maiko ambiri ndi chitoliro chache, naphunzitsa achinyamata a ku Chileka, ndiponso anakaphunzitsa ku sukulu yaukachenjede ya ku Los Angeles ku America. Iyenso anamwalira m'chaka cha 2001. Ku Joni kumene kwela anabadwira, anthu anamuleka msanga natsata maimbidwe ena. Koma m'mudzi wa Singano anasungidwa zaka zambiri, monga mbeu imene yatha kwa mwini munda koma yapezeka m'nkhokwe ya mnansi.

Tsono inu a ku Balaka ndi ku Machinga mudziwa bwino chimene chinachitika pakati panu. M'chaka cha 1978 gulu la Alleluya Band linayamba pa mishoni ya Akatolika ya ku Balaka, ndipo Paul Banda anali wotsogolera wache. Mng'ono wache Lucius Banda, amene anamwalira m'chaka cha 2024, anatulukira m'gulu lomwelo, namveka dziko lonse. Iwo anaimba ndi zoimbira zamagetsi, ndipo kaimbidwe kao kanatengako za reggae wa ku Jamaica, kosiyana ndi ka Kachamba. Koma njira inali yomweyo: kulandira nyimbo ya alendo, kuibveka mau a kwathu, ndi kuiyankhulitsa za moyo wa anthu wamba, kufikira imveka ngati yobadwira pakhomo. Kachamba ndi anzache a m'badwo wache ndiwo anayamba kulambula njirayo, naonetsa kuti mwana wa m'mudzi akhoza kupeka nyimbo m'Chichewa, dziko lonse nkumvera.

Chotsala kwa ife nchiani? Nyimbo zambiri za Daniel ziripo lero chifukwa mlendo anazijambula nazisunga. Ukadapanda ulendo uja wa 1967, zambiri zikadalowa naye m'manda. M'midzi yathu ya m'mbali mwa Shire ndi ya kutsinde kwa mapiri a Chikala mukali nkhalamba zodziwa kuliza banjo, bangwe ndi gitala wakale, ndipo zirikutha imodzi imodzi. Inu odziwa kulemba, khalani nazo pansi, mulembe maina a nyimbo zao ndi kumene anaziphunzira. Amene muli ndi foni yojambula mau, jambulani. Ndipo mukaona mwana alikumanga gitala wa chigubu ndi waya, musamlande nimuponye pamoto. Mtumeni ayambe watsiriza nchito ya kumunda ndi ya kusukulu, ndipo madzulo mumlole aimbe.