Bishopu Jeremy Taylor, Mphunzitsi wa Odwala ndi Odwazika Matenda

Amayi anzanga, pa 13 Ogasiti chaka ndi chaka mipingo yambiri ya Anglican imakumbukira Bishopu Jeremy Taylor, amene anamwalira tsiku limeneli mu 1667. Ambirife dzinali timangolidumpha pa kalendala. Ine ndinayamba kuwalabadira bambo amenewa nditapuma pa ntchito ya unamwino, nditawerenga zimene analemba za munthu wodwala ndi za omudwazika. Ndinadabwa kuona munthu wa zaka zoposa 350 zapitazo akudziwa zochitika pambali pa bedi la wodwala ngati kuti anachezerapo usiku m'wodi.

Anabadwira mumzinda wa Cambridge ku England mu 1613. Bambo awo anali ometa anthu tsitsi. Analowa koleji ya Gonville and Caius mu 1626 m'gulu la ophunzira osauka olipira pang'ono, ndipo mu 1633, ali ndi zaka 20 zokha, anadzozedwa kukhala mtumiki wa Mpingo. Tsiku lina mnzawo anawapempha kuti akalalikire m'malo mwake m'tchalitchi chachikulu cha St Paul's ku London. Mbiri ya ulalikiwo inafika kwa Akibishopu William Laud wa ku Canterbury, amene anawapezera malo pa koleji ya All Souls ku Oxford. Posakhalitsa anakhala mmodzi mwa ansembe a Mfumu Charles I. Mu 1638 anapatsidwa parishi ya Uppingham, ndipo chaka chotsatira anakwatira mayi Phoebe Langsdale.

Mtendere wa banjali sunakhalitse. Mu 1642 kunabuka nkhondo yapachiweniweni pakati pa mfumu ndi Nyumba ya Malamulo. Bambo Taylor anali mbali ya mfumu, ndipo mbali imeneyi ndi imene inagonja. Parishi anawalanda, ndipo mu 1645 anagwidwa ku Cardigan m'dziko la Wales. Chaka chomwecho Akibishopu Laud anadulidwa mutu, ndipo Buku la Mapemphero linaletsedwa. Kenaka udindo wa ubishopu unathetsedwa, ndipo mu 1649 mfumu nayo inadulidwa mutu.

Atamasulidwa anakhazikika ku Wales konko, nkumaphunzitsa ana sukulu kuti banja lidye. Mkulu wina wolemera, Earl wa Carbery, ndi mkazi wake Frances anawatenga kuti akhale wansembe wa pakhomo pawo, pamalo otchedwa Golden Grove. Mabuku awo otchuka anawalembera kumeneko, ndipo ankalembera Akhristu omwazikana, amene analibe wansembe wowayendera ngakhale mapemphero amene anazolowera. Bukulo linayenera kugwira ntchito ya mbusa m'nyumba momwemo.

Loyamba mwa mabuku awiri amene timawadziwira nawo ndi Holy Living, la mu 1650, lonena za kukhala moyo woyera. Limayamba ndi zinthu zitatu: kusamala nthawi, kuyeretsa cholinga chimene tikuchitira chinthu, ndi kukumbukira kuti Mulungu ali pomwe tili. Kenaka limatsata magawo atatu a pa Tito 2:12, udindo wa munthu pa thupi lake, pa anzake ndi pa Mulungu. Simuli zakuya zokhazokha ayi. Muli za kadyedwe ndi kamwedwe, za banja, za chilungamo pa malonda, ndi za kubweza chimene unatenga mwachinyengo. John Wesley anawerenga mabukuwa mu 1725 ali mnyamata ku Oxford, ndipo anamuthandiza kutsimikiza mtima kupereka moyo wake wonse kwa Mulungu.

Mu Okutobala 1650 mayi Frances Carbery anamwalira, ndipo amene analalika pa maliro awo anali Bambo Taylor. Pasanapite nthawi nawonso anaferedwa akazi awo, mayi Phoebe. Buku lachiwiri, Holy Dying, linatuluka mu 1651, ndipo analipereka kwa Earl uja. Linali lochokera kwa mwamuna woferedwa kupita kwa mwamuna mnzake woferedwa.

Pano ndichedwepo pang'ono. Chiphunzitso chachikulu cha bukuli nchakuti kukonzekera imfa ndi ntchito ya munthu akadali ndi mphamvu. Iwo sankakhulupirira kwenikweni kulapa kwa pa mphasa ya imfa, chifukwa nthawi imeneyo ululu ndi mantha zimakhala zitalanda nzeru. Ankalangiza kudzifufuza tsiku ndi tsiku, kukonza za chuma cha masiye, kubweza ngongole ndi kuyanjana ndi amene unayambana nawo, lilime likadayankhula. Za wansembe ankati aitanidwe matenda akangoyamba kukula, osati munthu atasiya kumva. Ndi kangati ndinaona abale akuthamangira abambo wansembe pakati pa usiku, wodwala atakomoka kale, pamene anagona m'wodimo sabata zitatu akuyankhula bwinobwino? Timaopa kuti tikaitana wansembe ndiye kuti tamulosera imfa. Mantha amenewa amamana wodwala Mgonero ndi mpata woulula zakukhosi.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi chifundo chawo pa wobuula. Anaphunzitsa kuti kubuula, kulira ndi kudandaula modzichepetsa si kusowa chipiriro, koma ndi mmene thupi lodwala limayankhulira. Ife tikapita kukazonda matenda timafulumira kuuza munthu kuti alimbe mtima, asalire, ngati kuti misozi ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo timamusiya atasenza katundu wachiwiri pamwamba pa ululu wake. Komatu wodwalayo sanamusiye wopanda udindo. Anamulangiza kumvera dokotala, ndi kuyankhula mokoma kwa omusamalira pokumbukira kuti akudalira manja awo. Amene anasinthapo zofunda za munthu wamkulu usiku, nkulandira mawu olasa m'malo mwa zikomo, adziwa chifukwa chake ndinawerenga ndime imeneyi kawiri.

Mu 1655 anatulutsa buku la kulapa lotchedwa Unum Necessarium, limene linawaputira mavuto. M'menemo anakana chiphunzitso chofala masiku amenewo chakuti khanda lomwalira lisanabatizidwe limalangidwa ku gehena chifukwa cha tchimo la Adamu. Anaona kuti zimenezi sizigwirizana ndi chilungamo ndi ubwino wa Mulungu. Mabishopu ena a mbali yawo yomwe anawadzudzula, koma iwo sanabweze mawu. Mikangano ya akatswiri ndiisiyira eni ake. Ine ndimaganiza za amayi amene ndinakhala nawo m'chipinda chochilira atataya mwana wa maola ochepa, funso lawo loyamba lili lakuti mwanayo wapita kuti. Bambo Taylor nawonso ankadziwa maliro a ana. Anatsekeredwa ku Chepstow mu 1655, ndipo kumayambiriro kwa 1657 nthomba ndi matenda otentha thupi zinalowa m'nyumba mwawo nkutenga anyamata awo awiri.

Mu 1658 anasamukira kumpoto kwa Ireland, kufupi ndi Lisburn. Ufumu utabwerera mu 1660 anasankhidwa kukhala Bishopu wa Down and Connor, ndipo anadzozedwa ku Dublin mu Januwale 1661. Apa mpamene mbiri yawo ili ndi banga, ndipo sindilibisa. Kale mu 1647, iwo ali mbali yoponderezedwa, analemba buku lotchedwa The Liberty of Prophesying, lopempha kuti Akhristu ogwirizana pa Chikhulupiriro cha Atumwi asazunzane chifukwa chosiyana pa zina. Koma m'dayosizi yawo anapeza abusa ambiri a Presbyterian ochokera ku Scotland amene anakana ulamuliro wa bishopu. Anayesa kukambirana nawo, zinakanika, ndipo mu 1661 anachotsa abusa 36 m'maparishi awo. Ena amati lamulo la dziko linawakakamiza. Mwina ndi choncho, koma munthu amene analandidwapo parishi ankadziwa bwino chimene chimachitikira mkazi ndi ana a mbusa akachotsedwa pa nyumba.

Chaka chomwecho analembera ansembe a m'dayosizi yawo malangizo a ubusa, okhudza khalidwe la wansembe, kalalikidwe, kuphunzitsa katekisimu ndi kuyendera odwala. Anamangitsanso tchalitchi chachikulu cha ku Dromore, dayosizi yoyandikana nayo imene ankaiyang'aniranso, chimene chinawonongeka pa nkhondo.

Kumayambiriro kwa Ogasiti 1667 mwana wawo wamwamuna wotsala yekha, Charles, anaikidwa m'manda ku London. Masiku omwewo Bishopu anapita kukaona munthu wodwala matenda otentha thupi ku Lisburn, ndipo anatengera matendawo. Anadwala masiku khumi, namwalira pa 13 Ogasiti ali ndi zaka pafupifupi 54. Anaikidwa m'tchalitchi cha ku Dromore chimene anamangitsa chija.