Dalaivala wa ku Stax

Ndikaweruka n'kukakhala pa Dubai Creek, maso ali pa mabwato, ndimakumbukira Otis Redding. Mkuluyu anafika ku Stax, ku Memphis, mu 1962 ngati dalaivala chabe wa woimba gitala Johnny Jenkins. Nthawi yojambula itatsalako anamulola kuimba, anthu kukamwa yasa!

Mu 1967 iye ndi Steve Cropper anapeka Dock of the Bay, nyimbo ya munthu wochoka kwawo ku Georgia n'kumangokhala padoko, zinthu osayenda. Enafe tikuzidziwa zimenezi. Bwana Jim Stewart anaikayikira, ati sikumveka ngati za ku Stax. Pa 10 December ndege inagwera m'nyanja ya Monona, Otis n'kumwalira ali ndi zaka 26. Anaitulutsa mu January 1968, n'kufika pa nambala wani mwiniwake ali m'manda.