WILLIAM KOYI, MUNTHU WOOPA MULUNGU

Ife a m'mapiri ano a Dedza mantha tiwadziwa bwino. Makolo athu anaopa mfiti usiku, anaopa mwabvi, anaopa mizimu yokwiya ndi mfuu ya nkhondo. Cifukwa cace ena mwa ife, pakumva kuti Mkristu ayenera kuopa Mulungu, ayesa kuti tangosenza mantha atsopano pamwamba pa akale aja. Si tero ai. Kuti cinthu ici cimveke, tifotokoza za moyo wa munthu amene anakwera kumtunda kuno masiku a makolo athu, dzina lace William Koyi.

Koyi anali wa mtundu wa Amaxhosa, wobadwira ku dziko la Cape, ku South Africa, ngati m'caka ca 1846. Sanali mwana wa mfumu. Pa unyamata wace anayendetsa ngolo za ng'ombe, ndipo pambuyo pace analembedwa nchito ku Port Elizabeth. Atatembenuka mtima analakalaka kudziwa Mau a Mulungu, napita ku sukulu ya Lovedale m'caka ca 1871, ali munthu wamkulu kale. Za m'mabuku sizinamlowe msanga. Koma aphunzitsi ace anaona kuti nchito iri yonse anampatsa anaicita bwino, pamaso pao ndi kuseri komwe. Apa ndi pamene payambira kuopa Mulungu: kudziwa kuti diso lace liri pa ife kumunda ndi m'nyumba momwe, ngakhale palibe munthu wotipenya.

M'caka ca 1876 Dotolo James Stewart, mkulu wa Lovedale, anafunsa ngati alipo anyamata ofuna kukathandiza Misyoni ya Livingstonia, imene inayambika ku Cape Maclear m'caka ca 1875. Koyi anadzipereka osadzitama. Anabvomereza kuti talente yace inali theka cabe, koma kuti kutema nkhuni ndi kutunga madzi akhoza. Anasankhidwa anai: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapas Ntintili. Wauchope anabwerera kwao atadwala, ndipo Mngunana anamwalira kunyanja m'caka ca 1877. Koyi anaona manda a mnzace, koma sanataye nchito.

Pomwepo panaoneka kuti theka la talente lija linali cuma cacikuru. Angoni anacokera kumwera, ndipo cinenero cao cinafanana ndi ca Koyi. Potero m'caka ca 1878, pamene Dotolo Laws anakwera kucokera kunyanja kudzaonana ndi Cikusi, mfumu ya Angoni okhala m'dziko la Domwe, kuseri kwa mapiri athu ano, womasulira mau anali Koyi. Masiku amenewo dzina la Angoni linathawitsa midzi yathunthu kukabisala m'mapanga. Ulendo womwewo unapitirira kumpoto kufikira kwa Angoni a M'mbelwa, ndipo m'caka ca 1882 Koyi anakakhala pakati pao ku Njuyu.

Iwo amene anagwira naye nchito anatisiyira mbiri iyi. Tsiku lina anakomana ndi anyamata a nkhondo pamtsinje, atanyamula zishango ndi nthungo, nabvina momuopsa. Koyi sanathawe, ndipo sanagwire mfuti. Anakhala pansi m'mphepete mwa madzi, nayamba kusambitsa mapazi ace. Anyamata aja anazizwa, mkwiyo wao unaphwa, nakhala pansi iwonso kuceza naye. Cifukwa ca makhalidwe otere Angoni anamucha Mtusane, ndiye munthu woyanjanitsa anthu.

Nanga kulimba mtima kumeneku kunacokera kuti? Koyi anali munthu wa thupi ndi mwazi monga ife, ndipo anadziwa kuthwa kwa nthungo. Koma mumtima mwace munali kale Wina wamkuru woposa M'mbelwa ndi Cikusi. Munthu amene agwada pamaso pa Mlengi wa kumwamba ndi dziko lapansi, nazindikira kuti moyo wace uli m'dzanja la Iyeyo, sakhalanso kapolo wa kuopa anthu. Mantha a mfiti acititsa munthu kubisala, kunama ndi kuganizira mbale wace zoipa. Kuopa Mulungu kuli kwina: ndiko ulemu wa mwana kwa atate wace womkonda, amene safuna kuwacititsa cisoni ndi cimo. Mantha oyamba aja athawitsa munthu. Acciwiriwa amsendeza pafupi.

Kuopa Mulungu kunaphunzitsanso Koyi kulindira. Zaka zinai anakhala ku Njuyu, ndipo nduna sizinalole sukulu, poopa kuti ana akaphunzira adzakana nkhondo. Ofuna kuphunzira anadza mobisika usiku. Koyi sanakangamize, sananyenge mfumu ndi malonjezo onama. Analalikira, nayendera midzi, napirira. Mnzace James Sutherland anamwalira komweko m'caka ca 1885, caka comwe anafika Dotolo Elmslie. Pambuyo pace Koyi yemwe anadwala. Ali gone pamphasa, unafika uthenga wakuti mfumu ndi nduna zace alola kuti ana aphunzitsidwe. Iye anayamika Mulungu monga anacita Simeoni wokalamba m'Kacisi, namwalira pa 4 June 1886, wa zaka ngati 40.

Sanaone Mngoni ndi mmodzi yense akubatizidwa. Oyamba anabatizidwa m'caka ca 1890, ndiwo Mawelera Tembo ndi mbale wace Makara, ena a iwo aja anadza usiku. Wofesa anagona m'manda, ndipo ena anakolola.

Tsono ife, abale, tidziyese. Pakudwala mwana, ndipo a pabanja atiumiriza kupita kwa woombeza ula, tiopa yani? Pamlandu wa kubwalo, pamene coonadi cidzakwiyitsa munthu wamkuru, tiopa yani? Pogulitsa cimanga, pamene wogula sapenya muyeso, tiopa yani? Ambiri a ife tiri nalo theka la talente cabe, monga Koyi. Tisacite nalo manyazi, koma tipemphe Ambuye atipatse mtima wakumuopa Iye yekha, kuti mantha ena onse atisiye.