Ibn Sina ndi funso la mwala woponyedwa

Mnyamata akaponya mwala kuti agwetse mango, dzanja lake limatsala pomwepo koma mwalawo umapitiriza ulendo. Nanga chimaukankha n'chiyani dzanja litausiya kale? Funsoli likumveka lachibwana, koma linazunguza mitu ya anthu ophunzira kwa zaka mazanamazana. Mmodzi mwa amene analimbana nalo ndi Abu Ali al-Husayn ibn Abdullah ibn Sina, amene Azungu amamutchula kuti Avicenna. Ambirife timamudziwa ngati katswiri wa zachipatala. M'kope lino tiyeni timuone ngati munthu amene anaganizira mozama za kayendedwe ka zinthu, nkhani yomwe ophunzira athu akukumana nayo m'phunziro la Physics.

Ibn Sina anabadwa cha m'ma 980 m'mudzi wa Afshana, pafupi ndi mzinda wa Bukhara, womwe lero uli m'dziko la Uzbekistan. Bambo ake ankagwira ntchito m'boma la mafumu a banja la Samani. Mwanayu anayambira pomwe ifenso tinayambira, pa Qur'an, ndipo pofika zaka 10 anali atailoweza yonse pamtima. Kenako anaphunzira fiqh, masamu ndi luso la kuganiza mwadongosolo, mpaka anamupitirira mphunzitsi wake, al-Natili.

Sikuti zonse ankangozimva mosavuta. M'mbiri ya moyo wake, iye mwini anafotokoza kuti buku lina la Aristotle, katswiri wakale wa ku Greece, analiwerenga maulendo 40 mpaka kuliloweza, koma osalimvetsa. Tsiku lina kumsika anagula kabuku ka al-Farabi pa ma dirham atatu okha, ndipo kabukuko ndi kamene kanamutsegula mutu. Anafotokozanso kuti funso likamukanika ankapita kumzikiti kukaswali ndi kupempha Allah kuti amufewetsere, usiku n'kubwereranso pa nyale ndi mabuku ake.

Asanakwanitse zaka 18 anaitanidwa kukathandiza kuchiza mfumu Nuh ibn Mansur. Mfumuyo itachira, inamulola kulowa m'nyumba yake yosungiramo mabuku, momwe anapezamo mabuku amene sanadzawaonenso kwina kulikonse. Koma mtendere umenewu sunakhalitse. Ufumu wa banja la Samani unagwa, bambo ake anamwalira, ndipo Ibn Sina anayamba moyo wosamukasamuka. Anakhala ku Gurganj, kenako ku Gurgan komwe anakumana ndi al-Juzjani, wophunzira wake amene anadzalemba mbiri yake yotsala. Kuchoka uko anapita ku Rayy, n'kudzafika ku Hamadan, m'dziko la Iran la lero.

Ku Hamadan anachiza mfumu Shams al-Dawla matenda a m'mimba, ndipo mfumuyo inamukweza kukhala nduna yaikulu. Udindowu unabwera ndi adani. Asilikali anamuukira n'kumulanda katundu, moti anabisala masiku 40. Mfumuyo itamwalira anabisalanso m'nyumba ya munthu wina wogulitsa mankhwala. Al-Juzjani akutiuza kuti ali mobisalamo, opanda mabuku oti aziyang'anamo, ankalemba mapepala 50 patsiku, ndipo anamaliza mbali yaikulu ya buku lake lotchedwa Kitab al-Shifa, kuphatikizapo gawo lokamba za chilengedwe ndi kayendedwe ka zinthu. Atamupeza anamutsekera m'linga la Fardajan kwa miyezi inayi. Pambuyo pake anathawira ku Isfahan atavala ngati msufi kuti asadziwike.

M'buku limeneli ndi momwe muli yankho lake pa funso la mwala lija. Aristotle ankaphunzitsa kuti chinthu sichingayende popanda china chochikankha nthawi zonse, choncho mwala ukachoka m'dzanja, mpweya ndi umene umapitiriza kuukankha. John Philoponus wa ku Alexandria, yemwe anakhalako zaka pafupifupi 500 Ibn Sina asanabadwe, anakana zimenezi. Iye anati woponyayo amaika mphamvu m'mwalamo, ndipo mphamvuyo imatha yokha pang'onopang'ono.

Ibn Sina anavomereza kuti chimene chimayendetsa mwala chili m'mwala momwemo, ndipo anachitcha mayl, mawu a Chiarabu otanthauza kupendekera kapena kulozera mbali ina. Koma anasiyana ndi Philoponus pa mfundo imodzi yaikulu. Iye anati mayl sizilala yokha. Chimene chimaitha ndi zinthu zakunja zolimbana nayo, monga mpweya. Pakanakhala malo opanda kanthu kalikonse kotchinga, chinthu choponyedwa chikanangoyendabe osaima. Anaonanso kuti chinthu cholemera chimanyamula mayl yambiri kuposa chopepuka. Aliyense amene anayesapo kuponya chitsononkho cha chimanga ndi mwala akudziwa chomwe chimafika patali.

Pano tiyenera kunena chilungamo. Ibn Sina sanatulukire kinetic energy, ndipo sanalembe masamu amene ali m'mabuku athu. Iye sankakhulupirira n'komwe kuti malo opanda kanthu alipo. Mayl yake ikufanana kwambiri ndi chimene lero timachitcha momentum. Chimene anachita n'kulozera kumene yankho linali: kuti chinthu choyenda chimanyamula kanthu kena mwa icho chokha, kanthu kodalira kulemera kwake, kamene sikasowa popanda chifukwa.

Ena anadzapitiriza ulendowu. M'zaka za m'ma 1300, Jean Buridan wa ku Paris anaphunzitsa maganizo ofanana nawo pansi pa dzina loti impetus. Mu 1687 Isaac Newton analemba lamulo loti chinthu choyenda chimapitirirabe pokhapokha china chitachisokoneza. Willem 's Gravesande wa ku Netherlands ankagwetsera timipira tachitsulo padongo lofewa, ndipo anapeza kuti liwiro likawirikiza kawiri, dzenje limakula kanayi. Émilie du Châtelet, mayi wa ku France, ndiye anafotokoza momveka tanthauzo la zimenezi. Mawu oti potential energy anawayambitsa William Rankine wa ku Scotland mu 1853.

Tiyeni tibwerere kwa mnyamata wathu uja. Kinetic energy ndi mphamvu imene chinthu chimakhala nayo chifukwa choti chikuyenda. Timaipeza potenga theka la makilogalamu a chinthucho, n'kuchulukitsa ndi liwiro lake, n'kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo. Mwala wa makilogalamu 2 woyenda mamita 5 pa sekondi uli ndi ma joule 25. Ukamayenda mamita 10 pa sekondi, ma joule amafika 100, kanayi kuposa poyamba, monga momwe dongo lija linaonetsera. Potential energy ndi mphamvu yosungika chifukwa cha pamene chinthu chili, monga mango ali m'mwamba mumtengo kapena mphira wa legeni wokokedwa. Mwala womwe uja ukakhala pamwamba pa mamita 5 umasunga ma joule pafupifupi 100. Ukagwa, mphamvu yosungikayo imasanduka ya kuyenda, ndipo umafika pansi ukuthamanga pafupifupi mamita 10 pa sekondi. Mwala woponyedwa m'mwamba umachita mosemphana: mphamvu ya kuyenda imasanduka yosungika mpaka utaima pang'ono, kenako n'kubwerera. Pang'ono pa mphamvuyo pamapita ku mpweya ngati kutentha. Palibe imene imangosowa yokha, ndipo apa ndi pamene tikumva kununkhira kwa ganizo la Ibn Sina.

Ku Isfahan anakhala zaka zake zomaliza potumikira mfumu Ala al-Dawla, akulemba ndi kuphunzitsa. Buku lake la zachipatala, al-Qanun fi al-Tibb, linamasuliridwa m'Chilatini m'zaka za m'ma 1100 ndipo linaphunzitsidwa m'mayunivesite a ku Ulaya mpaka m'zaka za m'ma 1600. Si zonse zimene analemba zimene maulama anazilandira. Imam al-Ghazali anatsutsa mwamphamvu mfundo zake zina zokhudza chikhulupiriro, ndipo ifenso sitimutenga ngati mphunzitsi wa aqida. Koma pa nkhani ya mwala woponyedwa, iye anaona patali kuposa anthu a nthawi yake.

Anadwala matenda a m'mimba ali paulendo ndi mfumu, ndipo anamwalira ku Hamadan m'mwezi wa Ramadhan mu 1037, ali ndi zaka pafupifupi 57. Olemba mbiri yake amanena kuti m'masiku ake omaliza anagawira osauka chuma chake, anamasula akapolo ake, ndipo ankamaliza kuwerenga Qur'an yonse masiku atatu alionse. Manda ake alipo ku Hamadan mpaka lero.

Timamva ophunzira ena akunena kuti Physics ndi ya anthu amitu yapadera, ena amvekere mwana wa madrasa sangaikwanitse. Munthu amene tamufotokozayu anayambira pa Qur'an, ndipo analipo buku limene linamukanika maulendo 40. Inu amene mukukonzekera mayeso a MSCE, funso la energy likakuvutani kachiwiri kapena kachitatu, musatseke buku. Funsani aphunzitsi anu, pemphani Allah akufewetsereni, ndipo muliwerengenso.