Clements Kadalie, mphunzitsi amene anasonkhanitsa antchito

Clements Kadalie anabadwa m'chaka cha 1896 m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe, kutsidya la nyanja ku Malawi. Anaphunzira ku Livingstonia ndipo anakhala mphunzitsi akadali mnyamata. Mu 1915 anachoka kwawo kukafuna ntchito. Anagwirako ntchito kuno ku Mozambiki, kenako ku migodi ya ku Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Mu 1918 anafika ku Cape Town, ku South Africa.

Kumeneko anapeza anthu akuda akusenza katundu padoko, kukweza ndi kutsitsa m'sitima zapamadzi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, zinthu zinakwera mtengo koma malipiro anali ochepa. Wodandaula payekha ankangochotsedwa ntchito.

Mu Januwale 1919, Kadalie ndi anzake anayambitsa bungwe la antchito, kapena kuti sindikato, lotchedwa ICU. Linayamba ndi anthu 24 okha. Mu Disembala chaka chomwecho, antchito apadoko pafupifupi 2,000 ananyanyala ntchito, chimene pa Chipwitikizi timati greve. Boma linatumiza apolisi ndi asilikali, ndipo antchito anabwerera osalandira zimene ankafuna. Koma mu 1920 mabwana anakweza malipiro apadoko.

Mbiri inawanda. Antchito a m'matauni ndi a m'mafamu analowa mwaunyinji, moti pofika 1927 bungweli linkanena kuti lili ndi anthu 100,000. Chaka chimenecho Kadalie anapita ku Geneva ndi ku Britain kukafotokoza mavuto a antchito akuda.

Komabe ICU sinakhalitse. Boma ndi eni mafamu ankaizunza. M'kati mwake namonso munali mavuto: atsogoleri ankakangana, ndipo ndalama zimene antchito ankasonkha sizinkasamalidwa bwino. Bungwe linagawanika, ndipo mu 1929 Kadalie anatula pansi udindo. Anakakhala ku East London, kumene anatsogolera kunyanyala kwina mu 1930 ndipo anamangidwa. Anamwalira konko mu 1951.

Lero malamulo aakulu a dziko lathu amalola antchito kupanga sindikato ndi kunyanyala ntchito motsata lamulo. Koma ufuluwu umafuna maso. Ngati muli m'bungwe, muzipita kumisonkhano. Mukasonkha ndalama, pemphani chiphaso. Pemphaninso buku la ndalama, mudziwerengere nokha. Zilembo ndi manambala mukuphunzirazi zidzagwira ntchito pamenepo.