Luigi Broglio, Mtaliyana amene ankaulutsa maroketi pagombe la Kenya

Ambiri a ife mzinda wa Nairobi timaudziwa ngati podutsira, pamene timasinthira ndege tikamapita kumudzi. Ndi ochepa amene tikudziwa kuti boma la mumzindawu lakhala pa mgwirizano wa zamlengalenga ndi dziko la Italy kwa zaka zoposa 50, ndiponso kuti pakati pa 1967 ndi 1988 masetilaiti asanu ndi anayi anaulutsidwa kuchokera m'madzi a Kenya. Mwini ntchitoyi anali Luigi Broglio. Mbiri yake ikutiphunzitsa zimene dziko losowa zipangizo liyenera kupempha likamapangana ndi dziko lolemera.

Broglio anabadwa mu Novembala 1911 ku Mestre, pafupi ndi mzinda wa Venice, koma anakulira ku Rome. Anamaliza maphunziro a uinjiniya mu 1934, kenako analowa m'gulu la asilikali a ndege, kumene anakwera mpaka kukhala jenerale. Usilikaliwo sunamuchotse m'kalasi. Mu 1950 anakaphunzitsa kwa kanthawi pa yunivesite ya Purdue ku America, ndipo kuyambira 1952 anatsogolera sukulu ya uinjiniya wa ndege pa yunivesite ya Rome kwa zaka zoposa 30. Akatswiri amene anadziwana nawo ku America ndi amene anadzamutsegulira makomo pambuyo pake.

Dziko la Soviet Union litaulutsa Sputnik mu 1957, mpikisano wa zamlengalenga unkaoneka ngati wa njovu ziwiri zokha. Italy inali itangodzuka kumene ku nkhondo, ndipo inalibe roketi yotha kufikitsa setilaiti kumwamba. Broglio sanadikire kuti dziko lake lilemere kaye. Mu 1961 anakopa nduna yaikulu Amintore Fanfani kuti boma livomereze ntchito imene anaitcha San Marco, ndipo mu Sepitembala 1962 Italy ndi America zinasainirana pangano ku Rome. Ku mbali ya America anasaina anali wachiwiri kwa pulezidenti, Lyndon Johnson.

Nzeru za Broglio zinaonekera m'zimene anapempha. Bungwe la NASA linavomera kupereka maroketi a Scout, opangidwa ndi kampani ya LTV. Italy inalonjeza kupanga masetilaiti ake ndi kumanga malo oulutsira. Koma chachikulu pa zonse chinali chakuti mainjiniya ndi amisiri a ku Italy apite ku America kukaphunzira ntchito yonse, kuyambira kulumikiza roketi mpaka kuiyatsa. Pa 15 Disembala 1964 anthu akewo anaulutsa San Marco 1 pa chilumba cha Wallops ku Virginia. Roketi inali ya America, bwalo linali la America, koma manja anali a Ataliyana. M'setilaitimo munali chipangizo chimene Broglio anachitulukira yekha, choyezera kuchuluka kwa mpweya kumtunda kwenikweni poona mmene mpweyawo ukuikokera m'mbuyo setilaiti.

Nanga Kenya inalowamo bwanji? Dziko lapansi limazungulira kulowera kum'mawa, ndipo pa ikweta liwiro lake limaposa makilomita 1,600 pa ola. Roketi younyamukira pamenepo kulunjika kum'mawa imalandira liwiro limeneli kwaulere, choncho imanyamula katundu wolemererapo ndi mafuta omwewo. Pamafunikanso nyanja patsogolo kuti zidutswa za roketi zigwere kopanda anthu. Gombe la Ngomeni, kumpoto kwa tawuni ya Malindi, lili madigiri pafupifupi atatu okha kumwera kwa ikweta ndipo layang'ana nyanja ya India.

Broglio sanamange bwalo lake pamtunda. Anaimika nsanja zazitsulo m'nyanja. Yoyamba, yotchedwa Santa Rita, inali yokumbira mafuta, ndipo anaipeza kudzera mwa Enrico Mattei, mkulu wa kampani ya ENI. M'menemo ndi mmene munkakhala oyendetsa ntchito. Yachiwiri, San Marco, inachokera kwa asilikali a America ndipo ndi pamene pankaimikidwa roketi. Pa 26 Epulo 1967 setilaiti ya San Marco 2 inanyamuka pansanjapo n'kufika bwino mumlengalenga.

Apa zinthu zinatembenuka: aphunzitsi aja anayamba kulemba ganyu ophunzira awo. NASA inali ndi setilaiti yofufuza kuwala kwa X-ray kochokera ku nyenyezi, imene inafunika kuzungulira dziko motsata ikweta. Zipangizo zake zinapangidwa ndi kampani ya American Science and Engineering motsogozedwa ndi Riccardo Giacconi, ndipo woyang'anira ntchito ku NASA anali mayi Marjorie Townsend. Anaitumiza ku Ngomeni, ndipo gulu la Broglio linaiulutsa pa 12 Disembala 1970, tsiku limene Kenya inkakumbukira zaka zisanu ndi ziwiri za ufulu wodzilamulira. N'chifukwa chake anaitcha Uhuru, mawu a Chiswahili otanthauza ufulu. Setilaiti imeneyi inapeza malo 339 otulutsa X-ray kuthambo, ndipo Giacconi analandira mphoto ya Nobel mu 2002 chifukwa cha ntchito yake pa sayansi imeneyi. Mu 1974 dziko la Britain nalonso linabweretsa setilaiti yake, Ariel 5, kuti iulutsidwe pomwepo. Pa masetilaiti asanu ndi anayi onse aja, palibe ngakhale imodzi imene inalephera kufika kumwamba.

Zaka zake zomaliza sizinali zokoma. Roketi yomaliza yonyamula setilaiti inauluka pa 25 Malichi 1988, chaka chomwe Italy inakhazikitsa bungwe lake la zamlengalenga, ASI. Broglio ankafuna roketi ya Scout yowonjezeredwa mphamvu kuti nsanja za ku Kenya zipitirize kugwira ntchito, koma ndalama ndi chidwi cha boma zinalowera ku mapulogalamu a mayiko a ku Ulaya. Mu 1993 anatula pansi udindo wake m'bungwelo. Anamwalira ku Rome pa 14 Januwale 2001 ali ndi zaka 89. Malo a ku Ngomeni tsopano amadziwika ndi dzina lake. Maroketi sakuulukanso, koma tinyanga take tikulandirabe uthenga wa masetilaiti ndi kulondola maroketi a Ariane akanyamuka ku Kourou ndi katundu wa makampani.

Ife a ku Africa tiyenera kuiwerenga mbiriyi ndi maso awiri. Kenya inapereka nyanja, gombe ndi antchito, koma zimene Broglio anaumirira kwa Amereka, zoti anthu ake aphunzitsidwe mpaka agwire okha chiwongolero, sizinafike msanga kwa eni nthaka. Aphungu a nyumba ya malamulo ku Nairobi akhala akufunsa kuti dziko lawo lapindulanji ndi malowa. Mayiko awiriwa anasainirana pangano latsopano mu 2016, ndipo mu 2017 Kenya inakhazikitsa bungwe lake, Kenya Space Agency.

Setilaiti yoyamba ya Kenya inatuluka m'manja mwa ophunzira. Yunivesite ya Nairobi, mothandizana ndi yunivesite ya Sapienza ku Rome, komwe Broglio ankaphunzitsa, inapanga kasetilaiti kotchedwa 1KUNS-PF, kotalika masentimita 10 mbali iliyonse. Bungwe la Japan la JAXA ndi ofesi ya United Nations yoona za mlengalenga anakapezera malo, ndipo kanatulutsidwa pa International Space Station pa 11 Meyi 2018. Zimenezi zinachitika patapita zaka 51 chiulukireni San Marco 2. Mu Epulo 2023 inatsatira Taifa-1, imene mainjiniya a Kenya anaikonza pamodzi ndi kampani ya EnduroSat ya ku Bulgaria, n'kuulutsidwa ndi roketi ya SpaceX ku California.

Masiku ano makampani ndi amene achuluka pa ntchito za mlengalenga, ndipo akugogoda pazitseko za maboma athu. Starlink inayamba kugulitsa intaneti ku Malawi ndi ku Zambia mu 2023. Atsogoleri athu akamakhala pansi ndi makampani otere, ziphaso ndi misonkho n'zofunika, koma funso la Broglio likhale patsogolo: ndi ana athu angati amene aphunzire ntchitoyi, ndipo adzayamba liti kuiyendetsa okha? Ife amene tili kunja kuno, m'mayunivesite ndi m'makampani a mayiko a eni, tili pamalo pamene iye anali ku Purdue mu 1950. Anzathu a kuntchito amene tikudziwana nawo lero angathe kudzatsegulira khomo wophunzira wa ku MUST, ku MUBAS kapena ku UNZA, ngati titawauza kuti kwathu kuli achinyamata ofuna kuphunzira.